Mkono wosaka mzere: momwe hard disk idaphunzirira kuyang'ana pomwe ikupita

Ukakwera minibasi ya nambala 111 mumzinda wa Nairobi, umatsata Ngong Road, kudutsa pa Dagoretti Corner pomwe pali likulu la nthambi yoona zanyengo m'dziko la Kenya, kupyola ku Karen, mpaka msewu uyambe kukwera kulowera m'tauni ya Ngong, m'boma la Kajiado. Alendo ambiri akafika kumeneko maso amakhala kumapiri, komwe zimakina zamphepo za kampani ya KenGen zimazungulira usana ndi usiku kupanga magetsi. Ochepa ndiwo amakhotera ku Kibiko, komwe kuli nyumba yomwe Uhuru Kenyatta, ali pulezidenti, adatsegula mu Okutobala 2021. Ndilo likulu la ICPAC, bungwe lolosera zanyengo la mayiko a kum'mawa kwa Africa a mu IGAD.

Bungweli ndi lachibale kwa ife a kumwera kuno. Mbiri yake idayamba mu 1989, pomwe mayiko 24 a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa adagwirizana zokhazikitsa malo owunikira chilala, likulu ku Nairobi, nthambi ku Harare. Ya ku Harare inkayang'anira chigawo chathu. Ya ku Nairobi ndiyo idasanduka ICPAC atsogoleri a IGAD atakumana ku Kampala mu 2003. Pomwe mvula idakanika nyengo zisanu zotsatizana ku Somalia, Ethiopia ndi Kenya kuyambira kumapeto kwa 2020, machenjezo ambiri omwe maboma ndi mabungwe othandiza anthu ankawerenga ankachokera kwa akatswiri a bungwe limeneli.

Mvula salosera ndi ula. Akatswiri amaunjika manambala: mvula yomwe idagwa pasiteshoni iliyonse zaka makumimakumi, kutentha kwa madzi a m'nyanja zikuluzikulu, zithunzi za satelayiti zobwera tsiku ndi tsiku. Kuunjika kokha sikuthandiza. Nambala ikafunika, iyenera kupezeka nthawi yomweyo pakati pa zinzake mabiliyoni. Mafoni ndi malaputopu atsopano adasamukira ku matchipi opanda chozungulira, koma gawo lalikulu la deta yomwe ili m'malo akuluakulu osungira zinthu padziko lonse lidakali pa hard disk, ija ya zimbale zozungulira. M'kati mwake muli kamkono kachitsulo konyamula kamutu kowerenga ndi kulemba, ndipo ntchito yake ndi imodzi: kufikitsa kamutuko pamzere woyenera n'kukasunga pomwepo.

Anthu akamakamba mbiri ya hard disk amakonda kuwerengera kuti kale inkasunga zochepa, lero ikusunga zambiri. Ine ndimaona kuti nkhani yeniyeni ili pamkonopo. Zaka 15 zoyambirira, mkono unkapita pomwe mainjiniya adayeza kuti mzere uyenera kukhala, n'kukhomeredwa pamenepo, osadziwa ngati mzerewo ulipodi. Zinthu zidasintha tsiku lomwe mkono udayamba kufunsa chimbale chenichenicho kuti wafika kapena waphonya.

Chimakina cha ku San Jose

Reynold B. Johnson adali mphunzitsi wa sayansi kusekondale ina ku Michigan asanalowe ntchito ku IBM. Chidamutchukitsa ndi makina ochongera mayeso, owerenga pomwe wophunzira wadetsa ndi pensulo. Mu 1952 kampaniyo idamutuma ku San Jose, m'chigawo cha California, kuti akatsegule labotale pa 99 Notre Dame Avenue. Masiku amenewo maofesi ankasunga kaundula pamakadi obowola ndi pamatepi. Tepi ili ndi khalidwe limodzi lotopetsa: ukafuna za kasitomala yemwe ali pakati, umayenera kupota tepi yonse kuchokera koyambirira. Wogulitsa katundu wofuna kudziwa pompopompo ngati chinthu chidakalipo m'nyumba yosungira katundu ankangodikira.

Yankho la gulu la Johnson lidalengezedwa mu Sepitembala 1956. Idali IBM 350, chiwalo cha kompyuta yotchedwa 305 RAMAC. Munali zimbale 50, chilichonse mainchi 24 m'mimba mwake, zosanjikizidwa pachitsulo chimodzi choimirira, zikuzungulira ka 1,200 pamphindi. Nkhope iliyonse ya chimbale idali ndi mizere 100. Zonse pamodzi zinkasunga zilembo 5 miliyoni, zomwe m'kawerengedwe ka lero ndi pafupifupi 3.75 MB, kukula kwa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yabwinoko. Chimakinacho chinkalemera pafupifupi tani imodzi.

Tsono taonani chinsinsi chake. Nkhope zidalipo 100, koma timitu tidali tiwiri basi, pamkono umodzi wa mphanda womwe unkalowa chimbale chili pakati, kamutu kena pamwamba, kena pansi. Mkonowo udali pakangolo koyenda chokwera ndi chotsika m'mbali mwa muluwo. Kuti uchoke pachimbale chachitatu kupita pa cha 40, unkayenera kutuluka kaye wonse, kangolo katsike, kenaka ulowenso kusaka mzere. Mphamvu inkachokera ku mota imodzi yozungulira mosalekeza, yolumikizidwa ku maklatchi awiri oyenda mosemphana, odzazidwa ndi ufa womva maginito. Magetsi akalowa m'klatchi ina, ufawo unkagwirana n'kulimba, waya wachitsulo n'kukokera uku. Akalowa m'inzakeyo, waya n'kukokera uko. Waya yemweyo ndiye ankakweza kangolo komanso kulowetsa mkono, kutengera kuti mwa ziwirizo chokhomedwa n'chiti panthawiyo. Kachipangizo kena kamagetsi kankayeza mtunda wotsala kuti liwiro lichepe poyandikira, ndipo pomaliza kachitsulo kokankhidwa ndi mpweya kankalowa m'mano n'kukhoma zonse.

Mpweya udalinso ndi ntchito ina. Kompuresa inkaupopera kudzera m'timabowo ta pakamutu kuti kayandame osakhudza chimbale, mpata wake mamilimita pafupifupi 0.02. Ulendo wa mkono unkatenga masekondi pafupifupi 0.6. Kwa munthu wozolowera tepi, chimenechi chidali chozizwitsa. Kampani ya mapepala ya Zellerbach ku San Francisco ndiyo idayamba kugwiritsa ntchito makinawa, mu 1960 adawerengera zotsatira za masewera a Olympics ku Squaw Valley, ndipo pofika mu 1961 anali atapangidwa oposa 1,000.

Koma mkono wa RAMAC sunkadziwa kanthu za chimbale. Unkadziyeza ndi felemu yomwe udakhalapo ndi mano omwe adasemedwa kufakitale. Zinkatheka chifukwa mizere idali yotalikirana, 20 yokha painchi, kutanthauza kuti kuchokera pamzere wina kufika pa unzake padali mamilimita 1.27. Ukaphonya pang'ono, unkagwerabe m'mzere momwemo.

Nthawi ya mafuta

Mu 1961 kudabwera IBM 1301, ntchito yomwe mmodzi mwa oitsogolera adali Alan Shugart, dzina lomwe tikumanenso nalo. Apa nkhope iliyonse idapatsidwa kamutu kake, mikono yonse n'kumangidwa pamodzi kuti izilowa ndi kutuluka limodzi. Kukwera ndi kutsika kudathera pomwepo. Kompuresa nayo idachotsedwa, chifukwa timitu tidasemedwa mwakuti mphepo yokokedwa ndi chimbale chozungulira ndiyo inkatinyamula. Kukankha mulu wa mikonowo kudafuna mphamvu zambiri, ndiye mainjiniya adatengera haidiroliki, mafuta opopedwa okankha pisitoni, nzeru yomweyo yomwe imadzutsa bodi ya lole ya tipa. Mizere idafika 50 painchi, ndipo ulendo wautali kwambiri wa mkono sunkapitirira masekondi 0.18. Makina amenewa ndiwo adanyamula SABRE, njira yosungitsira malo m'ndege za American Airlines. Kampani ina, Bryant, idapanga zake za haidiroliki zokhala ndi zimbale za mainchi 39, zotsala pang'ono kukwana mita.

Mavuto enieni adayamba pomwe zimbale zidayamba kuchotsedwa. IBM 1311 ya mu 1962 idabweretsa paketi ya zimbale zisanu ndi chimodzi za mainchi 14, yomwe munthu ankaizula n'kuikamo ina. Idatsatidwa ndi 2311 mu 1964, ya 7.25 MB, ndi 2314 mu 1965, ya 29 MB papaketi. Ubwino wake udali woonekeratu, poti ofesi inkatha kusunga mapaketi ambiri m'kabati. Koma paketi yolembedwa pamakina awa inkayenera kuwerengeka pamakina awo. Ndiye kuti mikono yonse, ya ku New York ndi ya ku Nairobi, inkayenera kugwirizana za pomwe mzere wa 73 uli, mpaka kagawo kakang'ono ka milimita.

Apa m'pomwe padabadwa ntchito yomwe amisiri akale a makompyuta saiiwala. Mmisiri ankabwera ndi paketi yapadera yoyezera, yodula komanso yosamalidwa kwambiri, yokhala ndi mzere wolembedwa molondola kufakitale. Ankaiika m'makina, kudikira kuti zitsulo zonse zitenthe mofanana, kulumikiza oscilloscope, n'kuyamba kumasula ndi kusuntha kamutu kalikonse pang'onopang'ono uku akuyang'ana pagalasi timizere tiwiri tooneka ngati maso a mphaka. Akafanana kukula, kamutu kali pakati. Akamanga sikuluwu mopitiriza, kasuntha, ayambirenso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo paketi ya 2314 idali ndi nkhope 20, iliyonse ndi kamutu kake kofuna kudekha komweko. Onjezanipo mafuta omwe nthawi zina ankadontha, pafupi ndi zimbale zosafuna ngakhale kafumbi.

Njira yonseyi ikufanana ndi mlimi wobzala atatseka maso, akuwerenga mapazi kuchokera pamtengo wa m'malire. Mizere ikakhala yotalikirana, mbewu zigwera pamzere ndithu. Ayiyandikize, kapena asamukire m'munda wa mnzake, azibzala m'khwawa osadziwa. Haidiroliki ndi mano ake idafika pa mizere 100 painchi n'kuyamba kupuma wefuwefu.

Ena adaganiza zongothana nawo mkonowo: mzere uliwonse ukhale ndi kamutu kakekake kosasuntha. Kampani ya Burroughs idapanga makina otere, IBM nayo idatulutsa 2305 mu 1970. Adali achangu zedi, koma timitu mazanamazana si totsika mtengo, ndiye adangothera pantchito zochepa zofuna liwiro.

Koyilo ya m'sipika

Aliyense yemwe adang'ambapo sipika ya wailesi adaona kawaya kopyapyala kokulungidwa, kokhala pakati pa maginito. Magetsi akadutsa, koyiloyo imakankhidwa kutsogolo kapena m'mbuyo, mwamphamvu kapena pang'ono, malinga ndi magetsiwo. Palibe giya, palibe mafuta, palibe klatchi. IBM idayesa nzeruyi pakati pa zaka za m'ma 1960 pakamakina ka chimbale chimodzi ka 2310. Mu 1968 kampani ya Memorex idatulutsa 630, yolowa m'malo mwa 2311 ya IBM, koma mkono wake ukukankhidwa ndi koyilo yaikulu m'malo mwa mafuta.

Koyilo ndi yachangu komanso yaukhondo, koma payokha sidziwa poima. Pamafunika china choiuza. Kampani ya DEC, pa RK05 yake ya mu 1972, idamangirira kumkono kagalasi kolembedwa timizere, kuwala n'kumawerenga timizereto mkono ukamayenda. Mudalinso batire yomwe ntchito yake idali kukokera timitu kunja magetsi akazima mwadzidzidzi, chinthu chomwe ife a kuno tingachiyamikire kuposa eni ake. Komabe kagalasiko kadali kunja kwa chimbale. Mkono unkawerenga bwino kuposa kale, koma unkawerengabe za iwo wokha.

IBM 3330, yomwe ankaitcha Merlin, idalengezedwa mu 1970 n'kuyamba kufika kwa makasitomala mu 1971. Paketi yake idali ndi nkhope 20 zogwira ntchito, koma deta inkalembedwa pa 19 zokha. Nkhope yotsalayo idaperekedwa nsembe. Kufakitale ankailemba zizindikiro za maginito zosonyeza pomwe mzere uliwonse uli, ndipo kamutu kake kankangowerenga basi, osalemba. Mkono ukapatukira kumanja, chizindikiro cha kumanja chinkamveka kwambiri kuposa cha kumanzere, kusiyana kumeneko n'kusandulika magetsi opita ku koyilo, koyilo n'kubweza mkono pakati. Izi zinkachitika mosalekeza, nthawi yonse yomwe chimbale chikuzungulira. Paketi ikakhala mopendekeka pang'ono, mkono unkangotsatira kupendekekako. Chitsulo chikafutukuka ndi kutentha, zizindikiro zinkafutukuka nacho. Mainjiniya amaitcha njirayi servo yotsata mzere.

Zotsatira zake: 100 MB papaketi, mizere 192 painchi, ulendo wa mkono masekondi 0.03. Poyerekeza ndi RAMAC, liwiro lidakwera ka 20 m'zaka 15. Koma ine sindiika mtima paliwirolo. Chachikulu n'chakuti kuyambira pamenepo, kuyandikiza mizere sikudadalirenso luso la wosema mano achitsulo, koma luso la wolemba zizindikiro ndi wokonza magetsi owerenga zizindikirozo. Chitsulo chili ndi malire ake pakusemeka. Zizindikiro za maginito zidapitirira kuchepa zaka 50 zotsatira.

Zina ziwiri zidatsatira mwachangu. Mu 1973, gulu lotsogoleredwa ndi Kenneth Haughton lidatulutsa 3340, yodziwika kuti Winchester, momwe timitu ndi zimbale zidatsekeredwa m'chikasha chimodzi. Kamutu kalikonse kankawerenga zomwe kadalemba kokha, ndiye mmisiri wa maso a mphaka uja ntchito idayamba kumuthera. Kenaka, pakati pa zaka za m'ma 1970, labotale ya IBM ya ku Hursley ku England idatulutsa kamakina kotchedwa Gulliver, komwe mkono sunkayendanso panjanji molunjika koma unkatembenukira pachikhomo, kamutu kumapeto kuno, koyilo kumapeto uko. Zitsulo zoyenda zidachepa, ndipo popeza kulemera kwa mbali ziwirizo kumafanana, makina akagwedezeka mkono sutayika msanga. Mukatsegula hard disk iliyonse lero, mkono womwe muuone ndi mdzukulu wa umenewu.

Kubwerera m'mbuyo dala

Munthu angayembekezere kuti servo itapezeka, aliyense adaitsata. Ayi ndithu. Alan Shugart, yemwe adagwirapo pa RAMAC, kuona haidiroliki ya 1301, n'kusamukira ku Memorex mu 1969, adadziwa bwino ubwino wa koyilo. Koma mu 1979, atayambitsa kampani yomwe idadzatchedwa Seagate pamodzi ndi Finis Conner, adasankha njira yachikale yowerenga mapazi. ST-506 ya mu 1980 idali ya mainchi 5.25, yosunga 5 MB, pamtengo wa madola 1,500, ndipo mkono wake unkayendetsedwa ndi mota ya stepper, mtundu womwewo wa m'makina owerenga floppy. Servo idali yodula, pomwe makompyuta a patebulo ankafuna chotsika mtengo. Mng'ono wake, ST-412 ya 10 MB, adalowa mu IBM PC XT mu 1983, ndipo ST-225 ya 20 MB idagulidwa mwaunyinji.

Mota ya stepper siizungulira mosalekeza. Ukaipatsa kamphamvu kamodzi ka magetsi, imatembenuka pang'ono n'kuima. Kalamba kachitsulo kopyapyala kokulungidwa pamota kankasandutsa kutembenukako kukhala sitepe imodzi ya mkono, mzere umodzi. Ukafuna mzere wa 100 uli pa wa 40, umatumiza timphamvu 60 n'kukhulupirira kuti wafika. Makina akasokonezeka, ankabwerera kumzere woyamba, komwe kudali kachipangizo kotsimikizira, n'kuyambanso kuwerenga.

Mdani wake adali kutentha. Aluminiyamu amafutukuka mamilimita 0.023 pamita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Chimbale cha mainchi 5.25 n'chotalika masentimita pafupifupi 6.5 kuchokera pakati kufika m'mphepete, ndiye kutentha kukakwera ndi madigiri 20, m'mphepetemo mumasuntha mamilimita 0.03. Pa ST-506 mizere idali 255 painchi, kutalikirana mamilimita 0.1. Mkono ndi felemu nazo zimafutukuka, zomwe zimabweza gawo lina la kusunthako, koma sizifutukuka mofanana kapena panthawi imodzi. Deta yolembedwa masana makina atatentha inkatha kuvuta kuwerengeka m'mawa wozizira, monga wa Julayi ku Ngong kapena wa Juni ku Dedza. Miyezi ikamapita, zolembedwa zatsopano zinkasemphana pang'onopang'ono ndi zizindikiro zakale za pamzere, mpaka tsiku lina kompyuta n'kungonena kuti sikupeza kanthu.

Makina a mtundu umenewu ndiwo adadzaza maofesi a ku Nairobi, Blantyre ndi Lusaka pomwe makompyuta a patebulo ankafika m'zaka za m'ma 1980, ndipo omwe adagwira ntchito nthawi imeneyo amakumbukira miyambo yake. Kuyatsa kompyuta n'kuisiya kaye itenthe musanalembe kanthu. Kulemba lamulo la PARK musanainyamule, kuti timitu tisunthire kumalo kopanda deta, chifukwa stepper magetsi akazima imangoima pomwe ili, kamutu n'kutera pamwamba pa kaundula wa malipiro. Ndipo pakapita nthawi, kukopera zonse pamafloppy, kufafaniza ndi kulembanso mizere yonse kuchokera pansi, n'kubwezeramo zinthu. Ena ankaziona ngati zikhulupiriro za amisiri ofuna kuoneka ofunika. Sizidali choncho. Mwambo uliwonse udali kulipira ngongole ya mkono wosayang'ana.

Servo ya nkhope yapadera nayo idadzapezeka ndi chilema chake mizere itayandikana kwambiri. Kamutu kowerenga zizindikiro kali pachimbale china, kolemba deta kali pa china, ndipo chimbale chapamwamba sichitentha mofanana ndi chapansi. Ma hard disk ena a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ankaima kaye pakapita mphindi zingapo kuti adziyezenso, zomwe zinkakwiyitsa ojambula nyimbo ndi mavidiyo chifukwa mawu ankadukiza. Mankhwala ake adali kumwaza zizindikiro pankhope iliyonse, m'timagawo toikidwa pakatipakati pa deta mozungulira mzere wonse. Kamutu komweko kolemba deta kamawerenga kachizindikiro, kuyerekeza mbali ziwiri, kukonza malo ake, kulemba pang'ono, kenaka kukumana ndi kachizindikiro kotsatira. Nkhope yoperekedwa nsembe ija idabwerera kuntchito. Stepper idazimiririka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Zizindikirozi zimalembedwa kamodzi kokha kufakitale, n'chifukwa chake hard disk ya lero simungailembenso mizere kunyumba monga ankachitira akale.

Lero mizere imapitirira 300,000 painchi, kutanthauza kuti pomwe RAMAC inkaika mzere umodzi pamamilimita 1.27, milimita imodzi tsopano imanyamula mizere pafupifupi 12,000. Koyilo yokha sikwanitsanso. Kumapeto kwa mkono adaikako tizidutswa ta piezo, tomwe timapindika pang'ono tikalandira magetsi, kuti koyilo izifikitsa kamutu pafupi, ito n'kumaliza. Ndipo phokoso lija la "kha, kha, kha" lomwe hard disk imachita ikamafa lili ndi tanthauzo lomveka bwino kwa wodziwa mbiriyi. Kamutu kalephera kuwerenga zizindikiro, mkono wasowa pomwe uli, wabwerera kukagunda kumapeto, wayesanso. Ukamva zimenezo, zimitsa. Kuyatsa mobwerezabwereza kumangopatsa kamutu kowonongeka mpata wokanda chimbale, ndipo kutsegula chivundikiro pabenchi ya mumsika, pomwe fumbi likuuluka, n'kumalizitsa maliro.

Mpweya ndi maginito

Pali chinthu chimodzi cha m'nthawi ya 1301 chomwe sichidasinthe: kamutu kamayandamabe pamphepo yokokedwa ndi chimbale, ngakhale mpata wake tsopano ndi manamomita owerengeka. N'chifukwa chake hard disk wamba ili ndi kabowo kopumira kokhala ndi sefa, komwe opanga amachenjeza kuti tisamakatseke. Mpweya wa m'kati umafanana ndi wakunja, ndipo ukakwera phiri umapepuka. Opanga ambiri amalemba kuti makina awo agwire ntchito osapitirira mamita 3,048 kuchokera pamlingo wa nyanja. Tauni ya Ngong ili pamamita pafupifupi 1,960, nsonga ya mapiri ake pa 2,460, ndiye kumeneko kulibe nkhawa. Sapitwa, pa Mulanje, ali pa 3,002, kutsala mamita 46 okha kuti malire akwane. Kuyambira mu 2013, pomwe kampani ya HGST idatulutsa yoyamba, ma hard disk akuluakulu a m'malo osungira deta amadzazidwa ndi helium n'kumatidwa kotheratu. Mpweya wopepukawo sugwedeza mkono kwambiri, ndipo za kutalika kwa phiri sizikhalanso nkhani yaikulu.

Chomwe chidalola koyilo ya Memorex, yomwe inkafuna chimaginito cholemera makilogalamu ambiri, kulowa m'kabokosi kokwana m'dzanja ndi maginito a neodymium. Adapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Masato Sagawa wa ku Sumitomo Special Metals ku Japan ndi John Croat wa ku General Motors ku America atawatulukira aliyense payekha. Aliyense wokonza makompyuta, kaya ku Ngong, ku Limbe kapena ku Kamwala, amawadziwa: tizitsulo topindika tomwe timakhala pansi ndi pamwamba pa koyilo, tolemera magalamu 10 kapena 20, koma tikakupana chala umatuluka magazi. Hard disk ikafa, maginitowo amakhala adakali amphamvu monga tsiku loyamba. Ku Nairobi malo monga WEEE Centre, ku Utawala, amatolera ndi kuphwasula zipangizo zamagetsi zakutha, koma m'matauni ambiri a kuno kwathu maginito otere amathera m'bokosi la mmisiri, kugwira masikuluwu kuti asatayike.

Neodymium ndi umodzi mwa miyala yosowa yomwe mayiko akuluakulu akulimbirana, ndipo gawo lalikulu la kuyenga kwake limachitikira ku China. Kenya ili nayo paphiri la Mrima, m'boma la Kwale. Malawi ali nayo ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi paphiri la Songwe ku Phalombe. Kampani ya Mkango Resources, yomwe yakhala ikufufuza ku Songwe zaka zoposa khumi ndipo idasainirana pangano la mgodi ndi boma mu Julayi 2024, idalowanso m'malonda ena omwe Amalawi ambiri sawadziwa. Kudzera ku nthambi yake ya Maginito, idagula HyProMag, kampani ya ku Birmingham yogwiritsa ntchito njira yomwe idatulukiridwa ku University of Birmingham. Amadula ngodya ya hard disk yakufa, pomwe pali koyilo ndi maginito ake, n'kuiika m'chithanki cha mpweya wa hydrogen. Mpweyawo umalowa m'maginito, maginito n'kutupa, kusweka, kusanduka ufa wopanda mphamvu yokoka, womwe umayoyoka wokha kusiya zitsulo zina. Ufawo amausefa, kuupsinja ndi kuuwotcha kuti ukhalenso maginito. Motero maginito oyamba omwe gulu la makampani a Mkango lidapanga sadachokere m'nthaka ya ku Phalombe, koma m'zipangizo zakutha monga ma hard disk otayidwa.